Katoni ya ku Park Station: Gawo 3

Basi inafika pachipata cha Mwanza dzuwa litangotuluka. Ulendo unali utamufinya Nabanda. Anagona pamzere ku Beitbridge, anadutsa Nyamapanda, anawoloka Zambezi pa Tete, ndipo pofika pa Zobue miyendo inali itatupa. Koma mtima unali kale ku Chilomoni, kwa ana ake amene anawasiya zaka 3 zapitazo.

"Aliyense atsitse katundu wake!" anakuwa kondakitala.

Nabanda analandira fomu ya MRA, nakhala pachikwama chake n'kuyamba kulemba: mabulangete 2, mapoto, foni ya mwana wake wachisamba, nsapato za kusukulu mapeya 3. Malisiti anawasunga mu envulopu, chifukwa mayi wina wageni anali atamutsina khutu kuti lisiti likasowa, akasitomu amayerekeza okha mtengo wa katunduyo powerengera msonkho. Iye sanafune kubisa kanthu. Zonsezo anazigula ndi thukuta lake, pochapa ndi kusita m'nyumba za eni.

Inatsala katoni ija. Anamupatsa ndi Yohane, mnyamata wa m'mudzi mwawo, basi ili pafupi kunyamuka ku Johannesburg.

"Achemwali, ndi zovala za amayi basi. Akakuchingamirani pa Wenela," anatero uku akumufumbatitsa R300.

Mwana wa kwanu ungamukanire bwanji kudziko la eni? Nabanda analemba kuti "zovala", nasayina.

Kondakitala podutsa anasuzumira fomuyo. "Mayi, katoniyi mwailemba m'dzina lanu?" Sanadikire yankho, anangopukusa mutu n'kulowera kuseri kwa basi.

Wakasitomu anali mtsikana waulemu. Anayang'ana malisiti limodzilimodzi, akugwedeza mutu.

"Zonsezi ndi zanu, amayi?"

"Eee, mwanangu."

"Munalongedza nokha?"

Lilime la Nabanda linauma. Mtsikanayo anawerama kuti anyamule katoniyo, koma inakana kuchoka pansi. Anayesanso ndi manja onse awiri. Kenako anatenga kampeni n'kung'amba tepi. Pamwamba panali zitenje ziwiri ndi juzi yakale. Atazichotsa, dzanja lake linaima. Ulemu uja unalipobe, koma kumwetulira kunali kutathawa.

Anatembenukira mnzake amene ankaona katundu wa anthu ena.

"Kaitaneni abwana. Muwauzenso adalaivala kuti basiyi isachoke."

Kenako anatenga fomu ija, naloza pomwe Nabanda anasayina.

"Amayi, dzina ili ndi lanu?"