Za Mendulo za Atsogoleri a Maskauti, ndi Mawerengedwe a Zaka Zao

Inu amene ana anu apita ku Lilongwe kukaphunzira, kapena mwamva kuti alowa gulu la Maskauti. Amene awatsogolera m'gulumo ndiwo anthu akulu osalandira malipiro: wina mphunzitsi, wina kalaliki wa ku City Centre, wina wogulitsa mu msika wa Old Town. Kodi anthu otere awathokoza bwanji? Tamverani mwambo wace.

Gululi analiyambitsa Robert Baden-Powell ku England m'caka ca 1907, ndipo kuno ku Nyasaland linafika ngati nthambi ya gulu la kumeneko. Cifukwa cace tiyenera kudziwa malamulo a ku England. Iwo awerenga zaka za mtsogoleri kuyambira atakwana zaka 18. Za ubwana wace saziwerengera ai. Akatumikira zaka 5 ampatsa cizindikiro, ndi cina pa zaka 10, 15, 20 ndi 25, ndi kupitirira. Zakazo siziyenera kutsatana: munthu akapuma ndi kubweranso, aphatikiza zakale ndi zatsopano.

Koma pali mendulo zina zimene zaka zokha sizigula. Ya Award for Merit ifuna zaka 12 za nchito yoposa, ya Silver Acorn zaka 20, ndipo ya Silver Wolf, ndiye mmbulu wa siliva, kawirikawiri saipereka kwa munthu wosafika zaka 30. Pamenepo akulu afunsa ziwiri: watumikira nthawi yanji, ndipo watumikira motani? Wongolembetsa dzina osafika pa misonkhano ya anyamata sangailandire, ngakhale amere imvi m'gulumo.

Nanga acedweranji cotere? Pakuti kulera mwana si nchito ya dzinja limodzi. Ambiri ayamba ndi cangu, koma mvula ikagwa kawiri aleka. Mnyamata afuna munthu amene adzampeza pomwepo caka cino ndi caka camawa. Akale anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuno kwathu kuwerenga zaka kunabvuta. M'masiku a Dr. Banda gulu la Maskauti linaleka, ndipo acinyamata anali m'manja mwa Malawi Young Pioneers, amene anayamba mu 1963 nalandidwa zida ndi asilikari mu December 1993. Maskauti anadzukanso pambuyo pace, ndipo mu 2005 Scout Association of Malawi inalandiridwa m'bungwe la Maskauti a dziko lonse lapansi. Cotero atsogoleri akale anataya zaka zambiri popanda kulakwa kwao.

Bvuto lina nla mu mzinda. Cikhalire Lilongwe likulu la dziko mu 1975, anthu angosamukasamuka: lero ali ku Old Town, mawa ku Area 10 kapena Area 43, mkuja boma lamtumiza ku boma lina. Zaka zosalembedwa m'buku zisowa mboni, ndipo munthu wokhulupirika aoneka ngati mlendo wa dzulo.

Cifukwa cace, inu atsogoleri, lembetsani tsiku loyamba nchito ndi tsiku losamuka, ndipo sungani kalata yace. Inunso makolo, funsani dzina la munthu amene alera mwana wanu Loweruka liri lonse, mukamthokoze ndi pakamwa panu. Pakuti mendulo icedwa zaka 20, koma mau oyamika afika lero lomwe.