Babatoni wakwera ndege, ife tili mtulo

Mukaona mnyamata akukhwatcha banjo yachigubu pa Mpingu, musamuseke. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe, anthu nkumangowaponyera timakobiri. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, basi mwayi nkutseguka.

Chimbale chawo cha 2022, Musakayike, chinatuluka ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Zamakompyuta iwalani: muli gitala ya nsambo zinayi, ng'oma yogunda ndi chidendene, ndi babatoni wa nsambo imodzi wolira mpaka m'chifuwa. Ndi jazi yakwathu ija ya malemu Alan Namoko, koma yaliwiro, yosalola munthu kukhala pansi.

Nanga abale, mpaka azungu ayambe avina kuti ife tidziwe kuti nzabwino?