Mutu Wopweteka Poimirira, Woleka Pogona

Mutu umapweteka pa zifukwa zambiri, monga malungo, njala ndi kutopa. Koma ulipo mutu wina wa mtundu wake umene anthu a m'midzi ayenera kuudziwa. Munthu akadzuka kapena kukhala tsonga, mutu uyamba kupweteka kwambiri, makamaka kunkhongo, ndipo khosi liwawa ndi kuuma. Akagonanso chagada, ululu uchepa kapena kutha. Ena achita nseru, ena amva kulira m'makutu, ena aona zinthu ziwiriziwiri.

Chiyambi chake nchotere. Ubongo ndi fupa la msana zili ndi madzi oyera mbee, otsekeredwa m'kathumba kolimba. Madziwo ali ngati mamililita 150 mwa munthu wamkulu, ndiwo osadzaza kapu ya tiyi, ndipo thupi lipanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse kulowa m'malo mwa akale. Ubongo uyandama m'madzimo. Tsono kathumba kaja kakabooka kumsana, madzi achucha m'kati mwa thupi, osaoneka kunja. Poimirira, ubongo utsika pang'ono nukoka mitsempha yake; ndiwo ululu umenewo.

Kubookako kuchitika ngakhale munthu sanagwe kapena kubayidwa jekeseni kumsana. Nthawi zina kafupa kosongoka ka msana kalasa kathumbako. Nthawi zina kathumbako nkofooka chibadwire. Dotolo wa ku Germany, Georg Schaltenbrand, anafotokoza nthendayi m'chaka cha 1938. Igwira akazi koposa amuna. Si yopatsirana, ndiponso si ya ufiti, motero kutema mphini sikuthandiza.

Ena achira okha atagona masiku angapo ndi kumwa madzi okwanira. Mutu ukapitirira, dotolo ajambula ubongo ndi msana pa makina a MRI. Pochiza, atenga magazi a wodwala mwini wake pamkono nawathira kumsana, kunja kwa kathumba kaja, kuti aundane ndi kumata pobookapo. Zikakanika, achita opaleshoni. Wochira asafulumire kusenza mitolo kapena kulima kufikira dotolo atamlola.

Kuzengereza nkoopsa, pakuti magazi angathe kuunjikana pamwamba pa ubongo. Wodwala apite kuchipatala, ndipo asangonena kuti "mutu". Anene momveka kuti upweteka poimirira nuleka pogona, chifukwa mawu amenewa ndiwo atsogolera dotolo. Koma khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi kapena kusokonezeka maganizo, imeneyo ingakhale nthenda youmitsa khosi. Wotereyo abale amtengere kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana.