Mwana akamangodandaula mutu koma malungo osapezeka

Lolemba m'mawa, pa zipatala zing'onozing'ono za ku Machinga ndi ku Balaka, mzere umayamba dzuwa lisanatuluke. Woona odwala amakhala mmodzi, mwina awiri, pamene mabenchi adzaza mpaka pakhonde. Mtsikana wa sitandade 7 akalowa ndi mayi ake, oyankhula amakhala mayiwo: "Adokotala, mwanayu akungoti mutu, m'thupi mukuphwanya, usiku sakugona, nsima akungoinyema kawiri basi." Mwanayo maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Amubaya chala, malungo sapezeka, amulembera panado m'buku la kuchipatala, ndipo wina walowa kale. Zoti kunyumba kwagwanji, kapena chamusiyitsa sukulu n'chiyani, palibe amene wafunsa. Pakatha masabata awiri amabweranso ndi mutu womwewo.

Zimenezi zinayesedwapo mwa kafukufuku, ndipo malo ake anali ku Machinga komweku. Dr Felix Kauye, yemwe anatsogolerapo chipatala cha Zomba Mental, pamodzi ndi Rachel Jenkins ndi Atif Rahman, anagawa zipatala zing'onozing'ono za m'bomali pawiri mwamaere. Ogwira ntchito a mbali imodzi analandira maphunziro apadera a masiku ochepa okhudza matenda a maganizo, amene a mbali inayo sanalandire. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2014 m'magazini ya Psychological Medicine. Maphunziro asanachitike, odwala pafupifupi 29 mwa 100 alionse ankaonetsa zizindikiro za kukhumudwa kapena nkhawa yopitirira muyeso, koma m'mabuku awo munalibe ndi mmodzi yemwe amene analembedwa matendawa. Maphunziro atachitika, zipatala zophunzitsidwa zinayamba kupeza matenda a kukhumudwa mwa odwala 9 pa 100 alionse, pamene zinazo sizinafike ndi mmodzi yemwe pa 100. Chodabwitsa chinali malungo: kumbali yophunzitsidwa analembedwa kwa odwala 31 pa 100, kumbali inayo 40. Ndiye kuti anthu ambiri ovutika mumtima ankabwerera kwawo ndi mankhwala a malungo amene sankadwala.

Kuyambira 2011, pamene tizipangizo toyezera malungo pachala tinafalikira m'dziko muno, kunamizira malungo kunachepa. Koma kudziwa kuti si malungo sikunatiuze kuti tsono ndi chiyani. Ndiponso kafukufuku wa Kauye anali wa akuluakulu, anthu oti akafunsidwa bwino amatha kunena kuti "ndikuganiza kwambiri." Mwana sanena choncho. Amayamba kukodza pamphasa atasiya kale, amamenya anzake, amathawa m'kalasi, kapena amangokhala duu kuseri kwa nkhokwe. Kwathu kuno timamutcha wamwano, waulesi, wosamva, ndipo zikakula timati walodzedwa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo theka la matenda otere mwa akuluakulu limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Bambo amene lero wamangidwa zingwe pa kabaza kupita ku Zomba, kawirikawiri anali mnyamata amene zizindikiro zake zinaonekera ali ku pulayimale, ife n'kumukwapula.

Njira zomuyezera mwana m'chiyankhulo chathu zilipo. M'chaka cha 2014, Maria Kim ndi anzake a ku Baylor anafalitsa zimene anapeza mwa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe ali ndi HIV, ku Lilongwe ndi ku chipatala chachikulu cha Zomba. Anaika mafunso oyezera kukhumudwa m'Chichewa, n'kuwafananiza ndi zimene akatswiri anapeza atacheza ndi mwana aliyense payekha. Pafupifupi 19 pa 100 alionse anali ndi matenda a kukhumudwa. Atafufuza chimene chikuwasiyanitsa ndi anzawo, anapeza zinthu zimene kholo lililonse la ku Ntaja kapena ku Ulongwe lingazizindikire: maliro pabanja, kulephera mayeso, kusunga chinsinsi cha matenda popanda womuuza, ndiponso kunyozedwa ndi anzawo chifukwa chomwa ma ARV. Chomaliza ichi chimandipweteka kwambiri, chifukwa mwana wogonera pasukulu amene amabisa botolo la mankhwala m'sokosi kuti lisamveke kulira, tsiku lina amangosiya kumwa, ndipo ife timadzaona kuchuluka kwa kachilombo m'magazi osaona chisoni chimene chinayambitsa. Magulu a Teen Club, amene amasonkhanitsa achinyamata otere Loweruka pa zipatala zambiri za chigawo chino, ndi malo okonzeka kale oti mafunso aja azifunsidwa nthawi zonse.

Kwa ana osafika zaka 6 kuli chida cha MDAT, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anachikonza ndi ana a m'midzi ya kumwera n'kuchifalitsa mu 2010, choyeza kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kayankhulidwe ndi kachezedwe ka mwana pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wakumudzi amazidziwa. Ku Mangochi, Robert Stewart ndi anzake anatsimikizira mafunso oyezera kukhumudwa kwa amayi oyembekezera m'Chichewa ndi m'Chiyao. Izi n'zofunika ku Machinga, kumene mwana wa ku Chikweo kapena ku Nyambi amafotokoza zakukhosi bwino m'Chiyao, ndiponso kumene woyembekezerayo nthawi zambiri amakhala mwana. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 41 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'bomali anali atabereka kapena ali ndi pakati, pamene dziko lonse linali pa 29.

Malungo enieniwo nawo ali ndi mlandu wawo. Machinga ndi Balaka ali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019 chifukwa matendawa ndi ochuluka kuno. Ku Blantyre, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo aakulu okomola aja, ndipo mu 2010 anafalitsa kuti pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse anayamba khunyu, ndipo chiwerengero chonga chomwecho chinasintha khalidwe: kupsa mtima msanga, kusakhazikika, kumenya. Mwana wotuluka m'chipatala cha boma ku Liwonde atakomoka masiku atatu timamuwerenga kuti wachira. Pakatha miyezi, aphunzitsi akamuthamangitsa chifukwa chosokoneza m'kalasi, palibe amene amakumbukira malungo aja. Kumuonanso mwana wotere pakapita miyezi ingapo sikufuna katswiri wochokera kunja. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi atha kuyamba ndi mafunso ochepa kwa mayi wake.

Pa chithandizo, ambiri timaganiza za jakisoni wogonetsa ndi mpanda wa ku Zomba Mental, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1953. Ana ambiri safunika kufika kumeneko. Buku la WHO lotchedwa mhGAP, limene ogwira ntchito zachipatala ena m'Malawi muno aphunzitsidwa, limaika patsogolo kucheza ndi mwana payekha, kuphunzitsa makolo, kufufuza ngati akuchitiridwa nkhanza, ndi kumubwezera kusukulu ndi kumasewera. Limaletsa kupereka mankhwala a kukhumudwa kwa mwana wosafika zaka 12, ndipo kwa wamkulupo limalola fluoxetine pokhapokha uphungu utalephera, moyang'aniridwa bwino. Khunyu ndiye limafuna mankhwala osadukiza, ndipo akasowa pachipatala mwezi umodzi, mwana amagweranso pamoto banja n'kubwerera kwa sing'anga. Mwana amene akuzunzidwa atha kuimba kwaulere pa 116, nambala ya Tithandizane imene bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa.

Umphawi suyenera kuiwalika. M'boma la Zomba, loyandikana ndi Machinga, atsikana analandira ndalama mwezi ndi mwezi mu 2008 ndi 2009, ndipo Sarah Baird ndi anzake anapeza kuti kuvutika maganizo kunatsika ndithu, makamaka kwa amene analandira popanda malamulo. Ndalamazo zitasiya, phindu lija linazilala. Mtsikana wa ku Mposa amene bambo ake anataya usodzi nyanja ya Chilwa itauma mu 2018, kapena banja limene nyumba inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, uphungu wokha suwakwanira.

Achinyamata a ku Machinga ndi ku Balaka afunsidwa mafunso ochuluka kuposa anzawo ambiri mu Africa. Kuyambira 2007 mpaka 2013, bungwe la Population Council linatsatira achinyamata oposa 2,600 a ku Balaka ndi Machinga pa nkhani za sukulu, ukwati ndi kugonana. Kuyambira 2009, kafukufuku wa Tsogolo la Thanzi, wotsogoleredwa ndi Jenny Trinitapoli ndi Sara Yeatman, anayendera mobwerezabwereza atsikana oposa 1,500 ozungulira tauni ya Balaka pa nkhani za HIV ndi uchembere. Anthu a kuno anatsegula zitseko, anayankha, ena anapereka ndi magazi. Ndikuona kuti ali ndi ufulu wopempha kafukufuku amene adzasiye chithandizo pamalo. Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS abwereze zimene Kauye anachita, koma ulendo uno pa ana: aphunzitse ogwira ntchito a ku Nsanama, Nayuchi, Phalula ndi Kalembo, m'Chichewa ndi m'Chiyao, aphatikizemo aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo, ndipo pakatha chaka awerenge ana amene apezeka ndi vuto, amene athandizidwa, ndi amene abwerera m'kalasi.