Matayala a Radial pa Phula, Mchenga ndi Miyala

Munthu wokhala ku Chilenje mu mzinda wa Lusaka, amene m'mawa uliwonse galimoto yake imayenda mosatekeseka pa phula la msewu wa Chilumbulu kapena wa Burma, angathe kukalamba osalingalirapo za chimene chili m'kati mwa tayala. Koma tsiku limene maliro adzamuitanire ku Kanyama m'mwezi wa February, madzi atasefukira m'makwalala, kapena ntchito idzamutume ku Kalabo, pamenepo adzazindikira kuti matayala, angakhale onse ali akuda ndi obulungira, sanaumbidwe mofanana.

Matayala akale, amene amakaniko amawatcha crossply, ulusi wake umayalidwa mopingasana monga nsungwi za lichero, kotero kuti nthiti za tayala ndi mano ake zimauma pamodzi. Tsono m'chaka cha 1946 kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa luso lina: ulusi kuchoka pa mkombero wina nkuwoloka molunjika kufika pa unzake, ndipo pansi pa mano nkumangapo lamba wa mawaya achitsulo. Limenelo ndilo tayala la radial, ndipo mudzalidziwa ndi chilembo R, monga 7.50R16 pa Land Cruiser kapena 25x8R12 pa njinga zamoto za mawilo anayi zija. Popeza nthiti zake ndi zofewa pamene mano ndi okhazikika, limaponda pansi mokwanira, silitentha msanga, limapulumutsa mafuta, ndipo pa ulendo wa makilomita oposa 500 wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, lakale lija silingapikisane nalo.

Ulemerero weniweni wa radial, m'kuona kwanga, uli mu mchenga. Dalaivala wozolowera njira za ku Liuwa, akangotsika pa phula, amaima, nagwada pambali pa wilo lililonse, nakanikiza valavu ndi kamtengo, mpweya nkumatuluka kuti fyii, maso ali pa tayala kufikira mimba yake itatuzuka pang'ono. Potero phazi la tayala limatalika, katundu amagawika pa malo aakulu, ndipo galimoto imene ikanadzikumbira dzenje imayenda pamwamba. Komatu pobwerera pa phula ayenera kupopanso asanathamange, pakuti tayala lophwa likatentha limaphulika mosachenjeza.

Koma walira mvula walira matope. Nthiti zofewa zomwezo, zimene zimatiwolotsa mu mchenga, ndizo zimatipereka pa miyala. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa thanthwe la laimu, ndipo ku Kanyama ndi ku Chawama misongole yake yakuthwa imabisala pansi pa madzi a dzinja. Chimodzimodzinso pa njira yotsetsereka yochokera ku Leopards Hill kupita ku chigwa cha Zambezi, ndi m'tchire mmene owotcha makala anasiya zitsa. Msomali ukalowa m'mano, womata matayala wa m'mbali mwa msewu amauzula, natseka bowolo, inu nkupitiriza ulendo. Koma nthiti zikang'ambika, ulusi waduka, ndipo chigamba chilichonse chimene angaikepo ndi chofikira nacho kunyumba basi, osati chonyamulira ana. Nchifukwa chake alimi ambiri sanataye crossply pa mathirakitala ndi pa njinga zamoto za mawilo anayi zogwira ntchito pang'onopang'ono m'zitsa, ndipo sindiwatsutsa.

Za matope akuda a ku Luangwa ndinene mwachidule: kumeneko chimene chimathandiza ndi mano akuluakulu otalikirana, amene amalavula dothi pozungulira, kaya tayalalo ndi la mtundu uti.

Ambiri a ife, chifukwa cha kuchepa kwa thumba, timagula matayala ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo apa ndikupemphani zinthu ziwiri ndi mtima wonse. Musaphatikize radial ndi crossply pa ekiselo imodzi, popeza amapindika mosiyana ndipo galimoto imakana chiwongolero pokhota. Ndiponso funani manambala anayi osindikizidwa pa nthiti: 2319 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019, ndipo mphira wokalamba amang'aluka angakhale mano akuoneka atsopano.