Manja amene amatulutsa chimbale ku Petauke ndi ku Nyimba

Mu Januwale 1977, anyamata anayi a ku Manchester otchedwa Buzzcocks anabwereka ndalama kwa abale ndi anzawo, mapaundi pafupifupi 500, n'kudzitulutsira okha kachimbale ka nyimbo zinayi kotchedwa Spiral Scratch. Mayimbidwe awo, achangu, a magitala aukali koma osavuta kuwatsatira ndi pakamwa, ndi amene pambuyo pake anadzakula n'kutchedwa pop punk. Mu 1994 gulu la The Offspring linatulutsa chimbale cha Smash kudzera ku Epitaph, kampani yaing'ono yoyima payokha, ndipo chinagulidwa makope oposa 10 miliyoni. Pamsika wa Petauke kapena pasiteshoni ya basi ku Nyimba simudzamva pop punk. Kumeneko kumamveka makwaya, nyimbo zauzimu, kalindula, dancehall ndi hip hop, m'Chinsenga ndi m'Chinyanja. Koma njira imene a Buzzcocks anachita kusankha, woyimba wa kuno alibe ina: makampani a nyimbo ali ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke pamsewu wa Great East, ndipo sabwera kudzafuna munthu kumudzi. Chimbale chilichonse cha kuno n'chodzitulutsira.

Komabe woyimba amene timati wadzitulutsira yekha sakhala yekha. Woyamba kumugwira dzanja ndi polodyusa. Situdiyo yake nthawi zambiri ndi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba kapena kwa sitolo, makoma atamatidwa siponji kapena mathireyi a mazira kuti mawu asabwerere. Muli kompyuta yokhala ndi FL Studio, kiyibodi, maikolofoni imodzi ndi mahedifoni amene aliyense amavala mosinthana. Munthu mmodziyo ndiye woyimba ng'oma, woyimba besi, wokonza mawu, ndiponso mphunzitsi wouza mtsikana wa kwaya kuti wapuma pamalo olakwika, abwerezenso. Kwaya ya anthu makumi awiri singakwane m'chipindamo, ndiye amailowetsa m'magulu, masopulano kaye, kenako maaluto, abambo pomaliza, n'kudzalumikiza zonse anthu atapita. Amalipidwa pa nyimbo iliyonse, kawirikawiri theka poyamba ndipo theka lina pamene mbewu zagulitsidwa, choncho ntchito yake imayenda ndi nyengo ya chimanga, mtedza ndi soya monga ya wina aliyense m'boma. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi a ZESCO ankazima maola ochuluka patsiku, ndipo ntchito yodalira kompyuta inasanduka ya pakati pa usiku kapena ya amene ali ndi sola.

Nyimbo ikatuluka m'chipindamo imagwera m'manja ena. Pali wojambula zithunzi amene amakonza chikuto ndi kavidiyo. Pali mnyamata wa kakompyuta pamsika amene amalowetsa nyimbo m'mafoni ndi m'timamemore khadi pamtengo wochepa. Malamulo amamuona ngati wakuba, koma oyimba ambiri amamupititsira okha nyimbo zawo, podziwa kuti iye ndiye amazifikitsa kwa Nyalugwe ndi kwa Sandwe kumene netiweki ndi yovuta. Pali oulutsa mawu a mawailesi a m'dera, monga Explorers ndi PASME ku Petauke, Valley FM ku Nyimba, ndi Breeze FM ku Chipata. Ndiye pali tsiku lokhazikitsa chimbale, limene makwaya amalidziwa bwino: holo kapena tchalitchi chadzaza, mlendo wolemekezeka agula chimbale choyamba pamtengo wokwera kwambiri, ena atsatira, ndipo nthawi zambiri ndalama za tsiku limenelo ndi zimene zimabweza ngongole ya ku situdiyo. Ndi nzeru yabwino yopezera ndalama, ndipo sindiyipeputsa. Koma amene wagula chimbale patsikulo amakhala asanachimve. Akulemekeza woyimba, sakuyeza ntchito.

Apa ndi pamene pakusowa wantchito mmodzi, ndipo kusowa kwake kumapweteka ena onse. Ndikunena munthu amene amakhala pansi n'kumvetsera chimbale chonse, kenako n'kunena poyera, polemba kapena pawailesi, kuti nyimbo yachitatu ndi yamphamvu chifukwa chakuti, yachisanu ng'oma zake zaphimba mawu, ndipo amene anakonza zonsezi ndi uje, m'chaka chakuti. Punk ya ku Britain sinakule ndi magitala okha. Mu 1976 kalaliki wa kubanki, Mark Perry, anayamba kanyuzipepala ka Sniffin' Glue kolembedwa ndi taipi ndi cholembera n'kuchulukitsidwa pa fotokope, ndipo ena anatengera. Timapepala totero tinkayamikira ndi kudzudzula zimbale zimene manyuzipepala akuluakulu sankazidziwa n'komwe. N'chifukwa chake lero tikudziwa mwezi, mtengo ndi mayina a Spiral Scratch, pamene chimbale cha kwaya ya ku Petauke cha zaka khumi zapitazo, ngakhale chinayimbidwa pamaliro ndi pamaukwati ambirimbiri, n'chovuta kudziwa amene anachijambula.

Zambia yomwe inalawapo kale zimenezi. M'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse pawailesi zikhale za m'dziko, nyimbo za Zamrock zinakula. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ankatulutsa zimbale za magulu monga WITCH ndi Ngozi Family. Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977, nyimbo za gitala laukali zimene olemba a kunja masiku ano amaziyika pafupi ndi punk. Mkuwa utagwa mtengo, chuma chinalowa pansi, matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri, ndipo Ngozi anamwalira mu 1989. Zimbale zija zinasowa m'masitolo. Jagari Chanda wa WITCH anakakhala wokumba miyala yamtengo wapatali. Zimbalezo zinadzaukanso chifukwa cha anthu ofufuza ndi olemba: kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso pamodzi ndi mbiri yake, ndipo mlembi wa ku Zambia Leonard Koloko anasonkhanitsa mbiri za oyimbawo m'buku. Mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiyika m'nyimbo yake ya Noid. Kuti zimenezi zitheke panafunika kuti dzina la nyimbo, la woyimba ndi la chimbale zikhale zodziwika. Nyimbo yongoyenda pa WhatsApp, dzina la fayilo litasinthidwa kanayi, ilibe mwayi wotero.

Wina anena kuti woweruza weniweni ndi anthu: ikakoma amavina, ikapanda kukoma amakhala pansi. N'zoona, ndipo palibe wolemba angakakamize miyendo ya munthu. Koma kuvina sikuuza polodyusa chimene walakwitsa, ndipo sikusiyanitsa nyimbo yabwino ndi nyimbo imene yangoseweredwa kawirikawiri chifukwa mwini wake ali ndi mnzake kuwailesi. Winanso anena kuti m'boma laling'ono onse amadziwana, woyimbayo ndi mwana wa amalume kapena wa abusa, ndiye kudzudzula chimbale chake poyera kudzatengedwa ngati nsanje. Mfundo iyi ndi yolemera kuposa yoyamba ija, ndipo siingathe ndi kulimba mtima kokha. Koma anthu a kuno si alendo pa kuyesa luso. Pamipikisano ya makwaya oweruza amapereka malikisi ndi zifukwa zake, pabwalo la gule anthu amadziwa woyimba ng'oma amene wataya mayendedwe ndipo amamuuza, alangizi kuchinamwali sanyengerera. Chimene chimapweteka ndi kunyoza kopanda chifukwa. Kunena kuti besi yakwera kwambiri mpaka mawu a maaluto sakumveka ndi uphungu umene polodyusa wanzeru amaulandira, chifukwa umamusungira makasitomala.

Palinso amene anganene kuti zimbale zinatha, lero ndi nyimbo imodziimodzi ndi tizidutswa ta pa TikTok, ndipo chofunika kwa woyimba ndi ndalama, osati mawu a wolemba. Koma ndalama za nyimbo zimatsata dzina. ZAMCOPS, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo m'Zambia, lingalipire kokha nyimbo yolembetsedwa, yodziwika mwini wake, ndipo wailesi ikasunga kaundula wa zimene yaseweretsa. Polodyusa amene dzina lake silitchulidwa amakhala wa mtengo womwewo zaka zonse, pamene wotchulidwa amayamba kufunidwa ndi oyimba a ku Katete ndi ku Sinda. Choncho woyamba kupindula ndi kuunika zimbale si woyimba amene nkhope yake ili pachikuto, koma anthu a kuseri aja.

Mu 1961 wofufuza za nyimbo John Blacking anafika m'boma la Petauke, anajambula oyimba kalimba a Chinsenga, n'kulemba za kapangidwe ka nyimbo zawo m'magazini ya African Music. Zimene analembazo zikuwerengedwabe m'masukulu a zoyimba. N'zomvetsa chisoni kuti kalimba ya 1961 ili ndi mbiri yolongosoka kuposa nyimbo za pakompyuta za 2021, ndipo sitiyenera kudikiranso mlendo. Zipangizo zilipo kale. Wailesi ya m'dera ikhoza kupatula theka la ola pasabata, kusewera chimbale chimodzi cha kuno, kutchula woyimba, polodyusa, woyimba gitala ndi situdiyo, n'kuyitana mphunzitsi wa kwaya kapena woyimba wakale kuti anene chimene wamva, chabwino ndi chofooka, kenako n'kulemba zonsezo m'kaundula ndi kusunga kope la chimbalecho. Mtengo wake ndi buku limodzi lolembamo, hard drive imodzi, ndi nthawi ya pawailesi imene pakali pano imathera pa kupatsana moni.