Manyowa a ku suweji pa ulimi wa udzu wopangira mafuta

Ku Ulaya ndi ku America akatswiri akhala akuyesa kulima udzu monga miscanthus ndi switchgrass pothira manyowa ochokera ku matope a suweji. Udzuwo amauwotcha popanga magetsi kapena kupangira mafuta a ethanol. Poti anthu saudya, zitsulo zoopsa za m'matopewo, monga lead ndi cadmium, sizifika msanga m'thupi la munthu.

Chiopsezo chachikulu chili kwa onyamula manyowawo, chifukwa mazira a njoka za m'mimba amatha zaka ali moyo. Malamulo a ku America amafuna kuti mulu wa kompositi wapamtunda ukhale wotentha madigiri 55 kwa masiku 15, ndipo utembenuzidwe kasanu. Mulu wongouma padzuwa sunapse ayi. Ogwira ntchitoyi azivala magolovesi ndi jombo, ndipo ng'ombe zisadyetsedwe udzu wotere.